Che Hamidu ndi Gitala ya Ziphaliwali

Pa Katete panali zinthu ziwiri zimene munthu wokonda moyo wake sankachita: kudumpha msewu waukulu osayang'ana malole, ndi kunyoza bandi ya Ziphaliwali pamaso pa Che Hamidu. Lole mwina ikanakuphonya. Che Hamidu sankaphonya.

Anali telala wa pakhonde la sitolo moyang'anana ndi msika, Myao wobadwira ku Malawi, wamfupi, wakamimba, wosajomba ku mzikiti. Mowa sankaununkhiza n'komwe, pakuti anali ataledzera kale ndi zina. Ali mnyamata anakagwirako ntchito ku Kopala, kumigodi ya mkuwa, ndiye tsiku lina analowa mu holo n'kupeza anyamata a Ziphaliwali atsitsi lanyankhalala akuliza magitala ngati akunola nkhwangwa pamwala. Anatulukamo makutu akulira, mutu utatembenuka, ndipo sunabwererenso m'malo mwake. Ziphaliwali zikamaimba ku Kabwe, makina osokera ankafunditsidwa nsalu. Zikamaimba ku Lusaka, akazi awo, mayi Rehema, ankangomva kwa anthu kuti amuna anu tawaona pamwamba pa lole ya thonje.

Ukawapatsa nsalu kuti akusokere thalauzi, unkalandira chibelu chotambalala kumapazi moti nkhuku ndi anapiye ake zikanausamo mvula.

"Che Hamidu, ine ndinati yowongoka!"

"Yowongoka ndi paipi, achimwene. Munthu amavala belu."

Zaka zinapita. Dziko linasamukira ku kalindula ndi rumba, Ziphaliwali zinamera imvi ndi madazi, ndipo wailesi inaziiwala. Anatsala ndi Che Hamidu okha. Tsiku lina Shadreck, mnyamata wogulitsa nyama wapakamwa ngati lumo, anakuwa ali tsidya lina la msewu:

"Mdala! Agogo anu aja akali moyo? Ndamva gitala manje anaisandutsa ndodo yoyendera!"

Makina anaima. Che Hamidu anadzuka sizasi ili m'manja.

"Iwe kamwana ka dzulo, unabadwa nyimbo zitatha kale. Ndiwabweretsa pano. Akapanda kuimba mu holo ya Katete, ndinyamula makinawa, ndibwerera kwathu ku Malawi, ndipo nkhope yangayi simudzaionanso!"

Msika wonse unamva. Tsono munthu uyu anali ndi vuto limodzi: malovu amene walavula sankawamezanso. Mayi Rehema atamva anangokhala pansi, manja kumutu.

Che Hamidu anapita ku Kopala kukawagwadira a Ziphaliwali, ndipo m'mwezi wa Okutobala 1988 madala aja anavomera. Dansi inayenera kuchitika masana, chifukwa masiku amenewo nkhondo ya ku Mozambiki inkadumphira kuno, ndipo dzuwa likangolowa aliyense ankadzitsekera m'nyumba.

M'mawa wa tsikulo Che Hamidu anakawachingamira ku Sinda. Madala aja anabwera pa kalole kakutha, chimkuzamawu atachimangirira pamwamba, atatsala atatu: wang'oma, wabesi, ndi a Solomoni, mwini mawu ndi gitala yofiira. Che Hamidu anati asalunjike ku Katete, ayambe azungulira m'midzi kuti anthu amve okha. Anakwera kumbuyo, anayang'ana kumene akuchokera, anatsinzina, n'kuyamba kuliza gitala ya mumphepo.

Dalaivala anali mwana wa m'tauni. Ataona nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu, anati kutsogoloku kwafa galimoto, poti pa tala ndi mmene amachitira. Anangozipondaponda. Komatu pamsewu wa m'mudzi nthambi ndi maliro. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wailesi imazimitsidwa. Iwo analowa pakati penipeni pa anamfedwa chinyimbo chikubangula, kamdala kovala belu kakudzipotokola pamwamba.

Nyimbo ya maliro inadukira pakamwa pa azimayi. Adzukulu, amene anali atangonyamula makasu kupita kukakumba manda, anazinga lole. Mkulu wawo, a Reuben, chimunthu chachitali cha maso ofiira, anakwera, anazula mawaya, ndipo kunangoti zii. Kenako anasolola gitala yofiira ija n'kuigwira pakhosi ngati nkhuku ya alendo.

"Iyi ikalowa m'manda limodzi ndi malemu. Mwawabweretsera dansi, akavinira komweko."

Adzukulu akalamula pa maliro, palibe amatsutsa. Che Hamidu anatsika, anagwada m'fumbi.

"Pepani, eni mudzi. Wolakwa ndine, alendowa sadziwa kanthu. Ndikusokerani masuti nonsenu."

"Masuti anu timawadziwa," anatero wina kumbuyo. Palibe anaseka.

"Ndiye kwirirani ineyo, gitalayo muisiye!"

"Dzenje ndi lalikulu," anatero a Reuben. "Mukwana nonse."

Mnyamata wina anayamba kugogoda tayala ndi msana wa nkhwangwa. Dalaivala anatseka magalasi. A Reuben anatembenuka kuti azipita, gitala ikukwekwereza pansi, ndipo a Solomoni anafuula m'chinenero cha kwawo: "Mwe Lesa!"

Che Hamidu anadzidzimuka ngati waponda moto. Anawakoka malaya n'kuwanong'oneza:

"Bwana, ndinu Mbemba, si choncho? Atukwaneni."

"Mwapenga? Ali ndi nkhwangwa!"

"Atukwaneni, ndikukuuzani! Kwambiri!"

Paja pali chimbuya. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa kuno ndi pachibale cha nthabwala, ndipo pa maliro a mmodzi mnzakeyo ali ndi ufulu wonyoza, woseka, wopaka anamfedwa ufa kumaso, popanda womuletsa. Koma chimbuya chimakoma eni ake akachilandira. Akachikana, watukwana pa maliro basi, ndipo nkhwangwa zili pomwepo.

A Solomoni, munthu amene kale ankagwedeza maholo, anatulutsa kamawu ngati ka mwanapiye:

"Kodi... mkuluyu wafa ndi chiyani? Mbewa yamutsamwa?"

A Reuben anaima, anatembenuka pang'onopang'ono. Che Hamidu anatseka maso n'kuyamba kutchula dzina la Mulungu, mumtima akuona kale makina awo ali pa basi ya ku Mchinji.

"Ndati mbewa!" anakuwa a Solomoni, mantha atawapatsa mphamvu. "Tinakuuzani kuti muzichotsa ubweya, simumva!"

Pakhomo pa siwa panatuluka mayi Ottilia, mlongo wa malemu, maso otupa ndi kulira. Anawayang'ana a Solomoni kuyambira ku dazi mpaka ku nsapato zazitali zija.

"Ha! Ndimadabwa fungo. Kani ndi odya anyani afika? Mwasiya michira pa lolepo?"

Kuseka kunayambira kwa azimayi, kunafalikira ngati moto wa lupsa. Che Hamidu anatsegula diso limodzi. A Reuben okha ndi amene sanaseke.

"Chabwino, ndi ambuya athu. Koma mbuya sabwera ndi pakamwa pokha. Manda akumba ndi iwowa. Likatha dzenje, gitala atenga." Anaponya khasu pamapazi pa a Solomoni.

Dothi la Okutobala inu mumalidziwa, khasu limachita kudumpha. Che Hamidu anayang'ana dzuwa, anayang'ana zala za a Solomoni, zowonda, zofewa, zimene anazitsatira dziko lonse. Analumphira khasu lija.

"Zala izi sizigwira mpini ine ndili moyo! Apatseni ufa azipaka anthu."

"Inu ndinu Mbemba?" anafunsa a Reuben.

"Kuyambira lero!"

Ndiye a Solomoni anazungulira mudzi ndi mbale ya ufa, akupaka madoda kumaso, azimayi akuwabwezera mpaka dazi linangoti mbuu. Kumanda Che Hamidu, wang'oma ndi wabesi anali m'dzenje. Telala amene chibadwire cholemera chimene ananyamulapo ndi simbi anakumba ngati walodzedwa. Matuza anatuluka, anaphulika, mpini unafiira. Wabesi anakomoka, anamuthira madzi. Adzukulu anakhala pamthunzi akuyeza ndi bango.

"Likadali lalifupi, a Mbemba atsopano."

"Malemuwa anali munthu kapena mlongoti?"

Dzuwa litapendeka, a Reuben anasuzumira m'dzenje, anayang'ana manja a Che Hamidu nthawi yaitali, n'kuwatambasulira dzanja kuwatulutsa. Gitala anaipukuta okha ndi malaya awo asanaipereke.

Ku Katete theka la anthu linali litabwerera kwawo. Shadreck anali atabwereka kale wilibala n'kuiimika pakhonde paja, akuti athandize mdala kusamuka. Kenako kalole kanatulukira, ndipo munatsika mizukwa: atatu ofiira ndi dothi, mmodzi woyera ndi ufa. Sanasambe. Analumikiza mawaya n'kuyamba.

Wina akakuuzani kuti anaimba bwino, ndi wabodza. Mawu a a Solomoni anali atasasa, wang'oma ankagwetsa timitengo chifukwa cha matuza. Koma wonena kuti sanaimbe bwino adzanenere kutali, kuno angasiye mano. Gitala ija italira, malata a holo ananjenjemera, ndipo madala amene anabwera kudzaseka anapezeka akuvula majekete.

Che Hamidu sanavine. Msana unali utauma gwa. Anakhala pa kabokosi kutsogolo, manja atakulungidwa m'zigamba, misozi ikulemba mizere m'dothi la kumaso. Shadreck anawayandikira n'kuwakuwira m'khutu:

"Mdala, ndi phokoso chabe!"

"Nanga mwendo wakowo ukugwedezekeranji?"

Dzuwa lisanalowe zonse zinatha, anthu anathamangira kwawo, ndipo wilibala inabwerera yopanda kanthu. Ziphaliwali sizinaimbenso kwina kulikonse. Che Hamidu anakhalabe pa Katete, akuuza aliyense, ngakhale amene analipo, mmene zinayendera.

Anatisiya m'dzinja la 1990, atangodwala masiku ochepa. Asilamu sagoneka maliro, anaikidwa tsiku lomwelo. M'mawa mwake panafika njinga zochokera ku Sinda, makasu atamangidwa kumbuyo, a Reuben ali patsogolo.

"Mayi, tabwera kudzakumba. Munthu uyu anatikumbira."

"Mwachedwa, bambo," anatero mayi Rehema. "Anagona dzulo."

A Reuben anavula chipewa.

"Ndiye makasuwa tibwerere nawo oyera?"

Anafunsa kumene kuli munda, ndipo iwo ndi anzawo anapalira chimanga chonse cha mayiwo.

Katete akadali waphokoso, malole, mabasi, oitanira malonda, koma ukadutsa pakhonde paja umafulumira osadziwa chifukwa chake. Lachisanu masana, anthu akamachokera ku mzikiti, kuseri kwa msika kumamveka gitala ikukalipa. Ndi mayi Rehema. Amaika mbale ya Ziphaliwali pa galamafoni, amakweza mpaka kumapeto, kenako amatenga mphasa n'kukakhala panja pansi pa mtengo wa mango, chifukwa nyimbozo mpaka lero sazikonda. Amangofuna kuti m'nyumbamo muzimveka ngati muli munthu.