Kampiringidzo ka Mfuti ya Bwana

Iwe Mwale, chotsa foni kumasoko undiyang'ane. Ukuti ine ndimanama? Mwana wa ku Chipata wobadwa dzulodzuloli, woti mfuti unangoiona m'filimu, lero ukuseka imvi zanga pamaso pa chipinda chonse? Khalani chete nonsenu mumve za kudoko la Jebel Ali, ndipo ndikawonjezapo liwu limodzi mphenzi indiwombe, ngakhale kuchipululu kuno mvula kulibe.

Inali nthawi ya Korona, kampani ikuchotsa anthu ntchito, ndipo pamndandanda wa alonda obwezedwa kwawo dzina langa linali pamwamba, ati ndakalamba. Ine! Ndiye m'nyumba yosungira katundu imene ndinkalondera munatsakamira bokosi la bwana mwini kampani, m'kati muli mfuti yam'manja ya agogo awo, ya mtundu uja wopindika pakati poika zipolopolo. Woyendera katundu padoko ananenetsa kuti ikapanda kutsekulidwa kuti aone m'mimba mwake, atseka nyumba yonse, khalas, basi zatha. Nanga itsekuke bwanji, poti oyeretsa anauzidwa kuti chilichonse cholowa pageti azichipopera sanitaiza, ndipo iwo pomvera lamulo ankaithira m'mawa ndi masana kwa miyezi itatu, mpaka dzimbiri linamera mizu? Mukumva?

Anabwera mainjiniya a ku Silicon Oasis ndi makompyuta awo, n'kuizungulira motalikirana, wina akukoka mpope, wina akupotokola chogwirira, wina akufunsa pa intaneti, mpaka anaimangirira kukireni yonyamula makontena, kireni n'kupindika msana, mfuti osagwedezeka. Zinandiwawa mumtima. Anthu ophunzira chotere, osadziwa kuti mfuti imeneyi salimbana nayo! Pamwamba pake, kutsogolo kwa kanyundo, pali kampiringidzo kokumbatira mpope. Ukakakankha ndi chala chachikulu, mpope umagwada wokha ngati mbuzi pomwa madzi, zipolopolo n'kulavulidwa. Ine ndinagona ndi mfuti yotere zaka khumi ndikulondera esiteti ya tiyi ku Thyolo.

Nditapempha kuti andipatse, kapitawo wathu sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Yalla, tiye baba, bwerera kugeti. Ndege yako ndi Lachinayi."

Ndinamukankha ndi chigongono, poti kugwirana kunali koletsedwa. Ndinanyamula mfuti, kuiloza pansi, chala pakampiringidzo, kukankha kamodzi kokha, kachitsulo kaja n'kukuwa mwakuti sitima zonse padoko zinayankha ndi mahutala, dzimbiri linafuka mpaka dzuwa linabisala, zipolopolo zisanu ndi chimodzi zinalumphira m'mwamba, chilichonse n'kugunda kachilombo ka Korona pamphumi, ndinationa ndi maso angawa tikugwa chagada, tonenepa ngati nkhupakupa, ndipo chipolopolo chomaliza chinauluka mpaka ku Oud Metha, kukagogoda pazenera la nyumba imene mwana wa mlongo wanga amaleramo ana a eni, iyeyo asanaone msewu miyezi inayi, kumupatsa moni wanga, n'kubwerera kudzagwera m'thumba la malaya anga chikadali chofunda. Mukumva kapena mwagona?

Woyendera katundu anasuzumira m'mabowo onse, n'kusayina. Bwana, amene anaima pomwepo, analira mpaka masiki yawo inanyowa, anatenga cholembera n'kukhwacha dzina langa pamndandanda paja.

Koma taonani chiyamiko cha anthu. Chitsulo chija chinandipala chala, mizere yonse inafufutika, moti m'mawa mwake makina odinda chala pageti anandikana ngati mlendo. Kapitawo uja, ndi nsanje yake, anati mlonda wosadziwika ndi makina sangalonde, ndiye anandikankhira kukhitchini ya kampu. Ichi chala chake, Mwale, chikhudze, chosalala ngati dzira.

Ukuti chinasalala ndi sopo? Chabwino, mapoto ndimatsuka, zala zinazi nazonso zasalala, ndipo bwana sanabwerenso kudzandiona. Koma ndege ya Lachinayi inanyamuka ndi anyamata amphamvu kuposa iweyo, mpando umodzi uli wopanda munthu. Mpandowo unali wanga.