Phukusi Lakuda M'dengu la a Tcheya

Nkhani iyi amuna anga amaikonda kwambiri, ndipo akamaifotokoza amathira mchere wochuluka. Bola ndiinene ndekha, manyazi ake ndithane nawo kamodzi.

Ine ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Kutchalitchi ndine tcheya wa amayi, ndipo pakamwa panga sipachita dzimbiri. Ndikaona cholakwika ndimanena pomwepo, kaya ndi m'munda kaya ndi pamjigo.

Linali Lachinayi, tsiku limene amayi timakapemphera tikaweruka, ndipo wolalikira ndinali ine. Ndinadzuka mochedwa, kunja kuli chiperoni. Ndinangotola dengu langa lakale lija, lobooka pansi, limene ndimayalamo saka, n'kuuyatsa ulendo. Ndili pakati pa njira ndinakumbukira kuti Baibulo ndalisiya pampando. Ndinawadandaula amuna anga, bambo a Tiyamike, njira yonse. Iwo amapalasa kabaza ku Luchenza, ndipo ndinawasiya pakhonde akulimbana ndi mphira zawo zomangira katundu, osandikumbutsa n'komwe.

Tisanalowe m'mizere, kapitawo wathu a Mulipa anatisonkhanitsa. Sabata imeneyo kunavuta nkhani ya anthu obisa miyala pansi pa dengu kuti tiyi alemere pasikelo.

"Ndikunena komaliza," anatero a Mulipa. "Amene ndimupeze ndi chilichonse chosakhala tiyi m'dengu, ntchito yatha. Palibe warning!"

Munthu wanzeru akanangoti tamva. Ine ndinakweza dzanja.

"A kapitawo, ndiwonjezereko pang'ono. Mkhristu saba pasikelo. Lamlungu kuyimba mokweza, Lolemba kusenza miyala? Mulungu amaona mpaka pansi pa dengu!"

Ndikunena zimenezi maso anga anali pa Felesiya, mnzanga wa mzere woyandikana, amene ndinam'dzudzulapo chifukwa chowaza madzi m'masamba. Chiyambire tsiku limenelo moni wake unali wa m'mphuno.

Tinathyola tiyi. Dengu linkandilemera kuposa masiku onse, koma ndinangoti ndi ukalamba.

Nthawi yoyeza itakwana, kalaliki anakoleka dengu langa pasikelo n'kutukula nsidze.

"Mayi, lero mwadya chiyani? Mwaposa onse."

"Wokhulupirika Mulungu amam'dalitsa, mwananga," ndinayankha mokweza kuti Felesiya amve bwino.

Kenako ndinakhuthulira tiyi pa lona. Masamba anagwa, saka linagwa, ndiye phu! Chinthu chakuda chinagubuduka n'kukaima pamapazi pa a Mulipa. Linali phukusi la jumbo yakuda, lokulungidwa ndi mphira mopingasa ndi mozungulira, mfundo pamwamba pa mfundo.



"Mwala!" anakuwa wina.

A Mulipa analigogoda ndi ndodo. "Mwala samaumanga chonchi."

"Mayo ine!" anakuwa mayi wina wachikulire, manja ali kumutu. "Mankhwala amenewo! Okokera tiyi wa anzake m'dengu mwake! N'chifukwa chake langa silidzaza masiku ano!"

Anthu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Wina anataya dengu, wina anakabisala kuseri kwa thalakitala imene inabwera kudzanyamula tiyi.

Kunena zoona ndinachita mantha. Ntchito ikatha, ana adya chiyani? Nanga kutchalitchi ndikaonetsa nkhope yanji, tcheya wa amayi atapezeka ndi zitsamba? Mutu unathamanga, ndipo unakaima pamalo amodzi.

"Felesiya! Wandiponyera iwe chimenechi!"

"Ine?" anatero Felesiya. "Dengu lili kumsana kwanu chiyambire m'mawa. Ndalowamo bwanji, ndine nyerere?"

Sindinafune kumva. Ndinagwada m'matope momwemo, n'kukweza manja.

"Ambuye, mwini wake wa chinthu ichi muyalutseni lero lomwe, pamaso pa anthu onsewa! Asapeze pobisala! Ndipo amene anamanga mfundo izi, manja ake atupe! Holy Ghost!"

"Fire!" anayankha amayi a kutchalitchi kwathu, ataima patali ndithu.

"Holy Ghost!"

"Fire!"

Mzimu utakwera, ndinaitanitsa machesi. Dalaivala wa thalakitala anabwera nawo akuthamanga, n'kufunsa ngati tikufunanso dizilo pang'ono.

"Thirani!" ndinalamula. "Chipse chimenechi!"

"Taimani kaye," anatero a Mulipa. "Evidence sitiwotcha. Wina amasule tione. Mayi tcheya, inu ndi amene muli ndi mphamvu."

"Ine za mdima sindigwira," ndinatero, ndikubwerera m'mbuyo.

Felesiya anamanga chitenje chake bwinobwino n'kubwera kutsogolo.

"Poti mwati n'changa, ndimasula ndine."

Anayamba ndi mphira. Inali yaitali, yosatha. Anachotsa jumbo yakuda, mkati munali jumbo ina. Anachotsa imeneyo, munali pepala la shuga. Anthu anayamba kuyandikira, makosi atasolola. Kenako panatuluka duku loyera, longa limene timavala amayi a mpingo.

Felesiya anafunyulula dukulo mosafulumira, n'kukweza m'mwamba Baibulo lalikulu lachikuto chothetheka. Anatsegula tsamba loyamba n'kuwerenga ngati mphunzitsi akuitana mayina m'kalasi.

"Mayi Esinati Namaona."

"Present," ndinayankha, mawu ali pansipansi.

Ndinayang'ana mphira ija ili pansi. Inali ya chubu cha njinga, chigamba chake chili pomwepo. Mfundo zimenezo ndimaziona tsiku lililonse pa kaliyala ya bambo a Tiyamike.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, ndikhulupirira kunamveka mpaka kufakitale. Mayi wachikulire uja anachita kukhala pansi. Dalaivala anabweza machesi m'thumba akupukuta misozi. Ine ndinali chigwadire m'matope, ndikupempha nthaka kuti ing'ambike.

A Mulipa atatha kuseka anakonza kukhosi. "Komatu lamulo ndinanena m'mawa. Chilichonse chosakhala tiyi. Ndipo mayiwa anathirapo ndemanga."

Apo ndiye thukuta linatuluka, chiperoni chili chigwere. Amene anandiyankhulira ndi Felesiya yemwe uja.

"A kapitawo, inunso. Wakuba wake uti amabisa katundu wolembedwa dzina lake, n'kuitanitsa yekha machesi? Awa sanabe. Kungoti pakamwa pamathamanga kuposa mutu."

Sindinatsutse. Ndinadzuka, n'kupempha kalaliki kuti ayeze Baibulolo palokha achotsere pa tiyi wanga, chifukwa fakitale sinandilembe ntchito yothyola Mabaibulo. Analikoleka pasikelo ndi mphira yomweyo, likulendewera anthu onse akuona. Atachotsera, zinapezeka kuti woposa onse tsiku limenelo sindinali ine. Anali Felesiya, ndi tiyi wouma bwino, wopanda dontho la madzi.

Ndinamupepesa pagulu pomwepo, pakuti ndi pagulu pamene ndinamunamizira.

"Ndakhululuka, a tcheya," anatero. "Koma m'malo mokalalikira, thamangani kunyumba mukaone manja a bambo."

Madzulo ndinawapeza bambo a Tiyamike ali pakhonde, nkhope ili mwee.

"Mayi a Tiyamike, munalipeza Baibulo? Ndinaona kuti mwaliiwala pampando muli kubafa, ndiye ndinakuikirani pansi pa saka. Ndinamanga bwino kuti lisanyowe."

"Munamanga bwino zedi," ndinatero. "Nanga chalacho mwakulunga nsanza bwanji?"

"Tcheni cha njinga chinandipana masana. Taonani mmene chatupira! Zaka zonsezi sizinandichitikirepo. Kaya ndalakwira ndani."

Ndinangotereka madzi pamoto, n'kuyamba kuwathowa chalacho mwaulemu wonse.

Abale, musanaitanitse moto wakumwamba, yambani mwaona dzina limene lalembedwa pa katunduyo.