Njira Yodutsa M'munda Mwanga wa Kachewere

Lolemba

Lero ndikutseka njira. Ndikulemba apa kuti ndisabwerere m'mbuyo.

Munda wanga wa kachewere, mizere makumi awiri ndi inayi. Woyamba kulima ndi manja anga chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi. Malowa anandipatsa ndi a Naphiri, mayi a kunyumba kuno, amvekere, "Muzikapezako chochita, mwatitopetsa ndi nyuzipepala." Mudzi wonse unaseka. Akuti manja ozolowera choko sangabereketse mbatata. Ndikufuna ndikolole madengu odzadza, ndidutse nawo pakati pa mudzi masanasana.

Koma njira. Kanjira kachidule kochoka m'mudzi kupita kumjigo, kuchigayo ndi kutchalitchi kadutsa pakati penipeni pa mundawu, mopingasa ngati inki yofiira imene ndinkakhwatchira samu zolakwa. Mizere inayi yafa kale. Njira yeniyeni ilipo, yozungulira kumabulugamu. Ndayiyeza ndi wotchi: mphindi zisanu ndi imodzi basi.

Zofunika:
- mitengo isanu ndi itatu
- chingwe cha khonje
- thabwa, ndi penti yotsala pa chitseko
- mtima wouma

Ndatsegula dikishonale yanga yakale kufuna mawu oyenera pa chikwangwani. Chingerezi chili ndi mawu ambirimbiri a malire. Ena ndi a munda, ena a dziko, ena a liwiro la galimoto, ena a pomwe kuleza mtima kwa munthu kwathera. Onsewa akundikhudza. Ndikuwawerengera a Naphiri mokweza, matanthauzo ndi zitsanzo zomwe.

"Nanga liwu loti mbuzi zimve mwalipeza?" akutero, osatembenuka n'komwe.

Ndangolemba m'Chichewa: MALIRE. PANO SI NJIRA. ZUNGULIRANI.

Lachiwiri

Chifunga chokhachokha m'mawa, phiri silikuoneka. Chikwangwani changa chokha chikuoneka, ndipo aliyense akuchiwerenga. Kuti achiwerenge bwino akumaima pa mizere. Osadziwa kuwerenga akuitana odziwa. Pofika naini koloko pali kagulu ngati tsiku logawa feteleza. Mzere wachisanu wapita.

"Dzanja la aphunzitsi silikalamba," akutero mayi wina amene ndinamuphunzitsa sitandade faifi, uku akukweza chingwe kuti mnzake adutse ndi ndowa pamutu. Ndanyadira, ndisaname. Ndazindikira ali kutali kuti onse awiri adutsa.

Chabwino, lamulo likhale ndi chifundo. Osenza madzi adutse, madzi amalemera. Ena onse azungulire.

Masana: zadziwika kuti m'mudzi muno aliyense ndi wosenza madzi. Ngakhale bambo wina wopita kokasewera bawo wadutsa ndi kachigubu m'manja. Kopanda madzi. Ndamva kulira kwake.

Lachitatu

Alamu anga a Lufeyo, mchimwene wawo wamkulu wa a Naphiri, mwini mbumba. Aima pa mpanda ndi njinga, thumba la chimanga kumbuyo. Ayang'ana mitengo, aigwedeza umodziumodzi ngati akufuna kugula.

"Mpanda wokongola, alamu. Munafunsa yani?"

Ndikuwauza kuti munda ndi wanga. Akumwetulira mwaulemu, kumwetulira kuja amasungira akamwini. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndili pamudzi pano. Ana awo onse ndawaphunzitsa, maliro awo ndasenza nawo, koma nkhani ikangofika pa dothi ndimasanduka mlendo wobwera dzulo. Zimandiwawa, kungoti sindinena.

Atsitsa thumba, andipempha ndiwagwirire. Anyamula njinga, aidutsitsa pamwamba pa chingwe, atembenuka kudzalandira thumba lawo. Ndawapatsira ndekha, ndi manja awiri!

Madzulo ndadula minga kuphiri, ndaunjika polowera. Zala zonse zatupa.

Lachinayi

Minga yagwira ntchito. Palibe wadutsa panjira yakale. Ena alambalala kumanja, ena kumanzere. Tsopano ndili ndi njira ziwiri, mizere yakufa isanu ndi itatu.

Ndatenga mpando, chipewa ndi ambulera, ndakakhala pa malire ndekha. Kulakwitsa kwakukulu. Munthu sangadutse aphunzitsi osawapatsa moni, ndipo moni wa kuno saperekera choimirira. Akumakhala pansi. Pa mizere.

Zomwe ndachita pa ulondawu:
- kuwerengera agogo ena pepala la kuchipatala
- kuweruza mkangano wa mpira wa sabata yatha
- kuvomera kuwerenga mawu oyamba pa Misa Lamulungu (sindikudziwa kuti zafika bwanji)
- kubweza anthu: palibe ndi mmodzi yemwe

Cha m'ma folo, kutali kukuoneka duku loyera. Apongozi, mayi awo a a Naphiri, akutsika kupita ku mapemphero a kolona, pang'onopang'ono, molunjika pomwe ndakhala. Mkamwini sakumana ndi apongozi ake maso ndi maso panjira, ndipo ine ndine munthu wa mwambo. Ndasiya mpando, ndathawira mu nsenjere.

Ndikusuzumira. Apumira pa mpando wanga. Adzifunditsa ambulera yanga kanthawi. Podzuka agwira mtengo wapakona, wowongoka bwino uja, auzula, augogoda pansi kawiri, auvomereza kuti ndi ndodo yabwino, ulendo. Mpanda wonse wagwada.

Thupi lonse likuyabwa ndi nsenjere. A Naphiri aseka mpaka misozi, kenako andithirira madzi otentha.

Lachisanu

Mphunzitsi wabwino akaona kuti kalasi silikumva amasintha kaphunzitsidwe. Ndachotsa minga ina, ndapanga kageti kopapatiza. Ndalemba kaundula wa ololedwa: osenza madzi enieni, odwala, apongozi, alamu, a kwaya tsiku lophunzira nyimbo lokha. Pepala ndalisiya pa tebulo.

Pochokera kosamba ndapeza a Naphiri awonjezera. Ana a achemwali awo. Azakhali. Amene anatiphikira pa ukwati wa mwana wathu. Amene amatibwereka wilibala. Amene sanatithandizepo koma tidzawafuna. Pepala ladzadza, lapitirira kuseri. Ndaliwerenga kawiri, dzina langa mulibe.

Pageti anthu akudutsa mmodzimmodzi, ndiye ena akumafola kudikira. Mayi wina waona anthu ataima, wabwera kudzayala zitumbuwa. Wayala pa chiyani? Pa chikwangwani changa, chitagonekedwa pa njerwa ziwiri. MALIRE yense wanyowa mafuta.

Ndapita ndi mkwiyo wonse. Ndisanayasamule wandininkha zitumbuwa ziwiri zotentha. "Zaulere aphunzitsi, poti malo ndi anu."

Munthu woyamba sabata yino kunena kuti malo ndi anga. Ndadya.

Mzere wachisanu ndi chinayi. Umenewu ndauponda ndekha.

Loweruka

Ndavala jekete. Ndikukadandaula kwa alamu monga mwini mbumba, mfundo zisanu papepala. Takhala pakhonde pawo, a Naphiri pa mphasa. Apongozi ali m'nyumba, kuseri kwa chitseko, monga mwa nthawi zonse ndikabwera.

Mfundo yoyamba ndi yachiwiri zayenda bwino. Yachitatu ndaiwerenga moimirira: amene anayambitsa njira imeneyi anali munthu wosaphunzira, wosadziwa malire, wosalemekeza thukuta la mnzake.

Kuseri kwa chitseko kwamveka kutsokomola. Akulankhula ndi mwana wawo, osati ndi ine.

"Iwe Naphiri, uwauze amuna akowo kuti munda umenewo unalibe njira. Ndinkalimamo nyemba. Kenako kusukulu ya mishoni kunabwera kamphunzitsi kena, koonda, ka nsapato zosongoka. Kankaopa kudutsa pakhomo panga, ndiye kankazembera m'munda tsiku ndi tsiku kukakudikira kuchitsime. Ana a sukulu ataona kuti aphunzitsi amadzera pomwepo, anatsatira. Zaka ziwiri nyemba zanga zikufa. Ine minga sindinaike. Ndinkaona kuti mwana wanga akubwera kuchitsime akuimba."



Alamu akuyang'ana kumwamba ngati akufunafuna mvula, mapewa akugwedezeka. A Naphiri abisa nkhope m'chitenje. Nsapato zija ndazikumbukira. Zinkandithina.

Mfundo yachinayi ndi yachisanu ndazipinda, ndaika m'thumba. Ndatsazika moyang'ana chitseko, ndapepesa moyang'ana chitseko chomwecho. Chitseko chayankha kuti ndodo ija ndi yabwino.

Lamulungu

Tachedwa ku Misa, ndipo wowerenga ndine. Tadzera pachidule, ine patsogolo. Ndamva maso kumsana.

Pobwerera tayenda pang'onopang'ono. Kumapeto kwa munda, pafupi ndi mwala wina waukulu, a Naphiri aima.

"Apa ndi pomwe munkanamizira kumanga zingwe za nsapato," akutero. "Chonsecho nsapato zake zinalibe zingwe."

Manyazi andigwira, chimwemwe chandigwiranso. Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula kuti pamudzi pano palibe changa. Chilipo. Aliyense amayendapo.

Mmene zinthu zilili:
- mizere yamoyo, khumi ndi isanu
- mitengo: umodzi kwa apongozi, ina yapita ku nkhuni
- chikwangwani chikhale kwa mayi wa zitumbuwa, chapeza ntchito
- dikishonale yabwerera pa shelefu
- mbuzi sizinamve chilichonse

Kachewere wotsalayo ndikolola ndithu. Madengu sadzadza monga ndimafunira, ndipo loyamba lipita kuseri kwa chitseko chija.

Lero sindigwira khasu. Mawa m'mawa ndichotse minga yotsala, ndizule chitsa chili pakati pa njira. Apongozi angapunthwe.