Dzina Limene Ndinakatenga ku Bangwe Wapansi

Sekani, a Esinati, sekani mpaka matemba agwe pathandalapo, koma ine ndikunenetsa pano masanasana: miyendo mukuionayi inanyamuka pa Kachulu pano m'mawa, inakaponda ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, n'kubwerera sikelo ya ana isanathe, mwana ali kumbuyo. Amene akukayika akafunse fumbi la mumsewu, limandidziwa. Iwe Patuma, poti mawa ukupita m'tauni wekha koyamba, tasiya kutembenuza nsombazo ukhale apa, umve mmene anthu amayendera, chifukwa zimene ndikuuzezi kondakitala sangakuuze.

Chinali chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi pa njinga. Mwana wanga woyamba anali atangotuluka m'chikuta, dzina alibe. Woyenera kumutcha anali a Felesiya, azakhali awo a amuna anga, amene amagulitsa masamba ku Bangwe, koma foni yawo inali itagwera m'chitsime, ukaimba n'kumayankha achule. Amuna anga anali atatsatira madzi ndi asodzi anzawo kutali uko. Tsono panatsala ine ndi apongozi anga aakazi. Ndili ndi pakati fungo la mlamba linkandichititsa nseru, ndiwo zawo n'kumazibweza, iwo n'kusunga mumtima kuti ndimawada. M'mawa wa tsiku la sikelo apongoziwo anabwera pakhomo atatchena chitenje cha kutchalitchi, n'kunena kuti, "Poti mwini dzina sakuoneka, nditcha ndine. Mwanayu ndi Mwandida."

Mukumva? Mwandida! Mwana wanga wosalakwa akule akuitanidwa ndi mkangano wa mlamba, kusukulu, kuchitsime, mpaka tsiku la ukwati wake! Ndipo nonse mukudziwa kuti dzina likangolembedwa kusikelo, ngakhale ulichape ndi sopo silichoka. Iwo ananyamuka kukagwira mzere, ine ndinati ndibwera pambuyo ndiyambe ndamusambitsa mwana, koma mumtima ndinali nditalumbira kale kuti dzina ndikalitenga ndekha kwa mwini wake.

Ndinatenga zitenje zitatu, ndipo iwenso utero, Patuma: china choberekera, china chovala, china cha zimene sukuzidziwa, chifukwa chimenecho ndiye mphasa yako, ndiye ambulera yako, ndiye chikwama chako, ndiyenso chimbudzi chako pamene palibe tchire. Ndinathamangira pa siteji, ndinapeza minibasi yodzaza bwino, kondakitala akukuwa kuti watsala munthu mmodzi, ine n'kukwera. Mayi wanga ine! Tinakhala, tinakhala, injini ikulira koma matayala akumera mizu, nkhuku imene inali pansi pa mpando wanga inaikira mazira, inafungatira, inaswa, anapiye n'kuyamba kundijompha zala, kondakitala akadali pa munthu mmodzi yemwe uja. Ndi pamene ndinayang'ana anzanga okwera: opanda katundu, opanda thukuta, mapazi opanda fumbi, mmodzi akutsika kukadya zitumbuwa wina n'kukhala pamalo pake. Anthu ongodzazitsa mipando! Usanakwere galimoto uziyang'ana pansi pa mipando, mwana wa amayi. Ngati mulibe dengu, mulibe thumba la mpunga, mulibe mwana wolira, galimotoyo sikupita kulikonse.

Ndinatsika, ndinavula patapata n'kumumanga m'chitenje chachitatu chija, ndinagula mzimbe wautali kuposa ine, poti mzimbe ndi ndodo, ndi madzi, ndi chakudya, ndi chothamangitsira agalu, kenako ndinauza miyendo yanga kuti lero tionana. Ndinadutsa phiri la Mpyupyu lisanamalize kundiona, ndinapitirira anyamata a kabaza akupalasa ndi mphamvu zawo zonse mpaka mmodzi anatsika kuti aone ngati njinga yake yaima, fumbi limene ndinautsa linakwera kumwamba n'kuphimba dzuwa moti atambala a m'midzi ya m'njira analiranso kachiwiri, ndipo thukuta langa linkatsika m'miyendo, kulowa m'ngalande, m'ngalande kulowa mumtsinje wa Likangala, Likangala n'kudzaza, alimi a mpunga n'kutuluka ndi makasu akuimba, madziwo n'kupitirira mpaka m'nyanja. Mumayesa nyanja ija inabwerera chifukwa cha mvula? Amuna anga anapita wapansi, anabwera pa bwato. Afunseni.

Nditafika mu Zomba njira zinachuluka, ina uku, ina uku, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasochera chifukwa chofunsa munthu wolakwika. Usafunse bambo woima pa golosale manja ali m'thumba, ameneyo amati ndi pompa ngakhale kuli kotha nsapato. Funsa mayi wosenza katundu, manja onse ali pamtolo, chifukwa ameneyo amaloza ndi mlomo, ndipo mlomo sunama. Mlomowo ukangotuluka pang'ono, wafika kale. Ukatuluka chibwano n'kukwera m'mwamba, limba mtima. Ine ndinakumana ndi mayi wina akutsika m'phiri ndi nkhuni, mtolo wautali ngati bwato, khosi chilili, osagwedezeka, mkazi weniweni amene mpaka lero ndikamukumbukira ndimawongola msana. Ndinamupatsa moni, ndinafunsa za banja lake, kenako ndinati, "Amayi, ku Blantyre n'kuti?"

Anatembenuka ndi mtolo wonse, galimoto ziwiri n'kuima kuti nkhuni zidutse, mlomo unayamba kutuluka, unatuluka, unatuluka, unapitirira msika, unakhota pamene msewu wakhota, ndipo pakamwa pake panachoka mawu amodzi okha: "Uko-o-o-o!" Mukumva? Ine ndinangolowa pansi pa uko ameneyo ngati munthu wotsata waya wa magetsi, ndikuyenda iye akulira pamutu panga, pa Thondwe akulira, ndinawoloka milatho akulira, anakathera pa Namadzi, ndipo pamene anathera panali mayi wina wosenza mbatata amene anamulandira n'kumupitiriza mpaka ku Limbe. Amayi a m'dziko muno akanapatsidwa misewu kuti aziyendetsa, palibe akanasochera.

Chithunzithunzi changa chinatopa pa Njuli, chinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kundipempha kuti ndidzachitenge pobwerera. Mzimbe unali utafupika kufika m'chiuno. Mwana analira kamodzi, ndinamukokera kutsogolo osaima, koma atayamwa anakwinya nkhope, poti ndi kugwedezeka konse kuja mkaka unali utasanduka chambiko. Anayamwabe, mwana wa ku Chilwa sasankha.

Tsono ku Limbe ndinachita chinthu chimene iwe usakachite. Ife kuno munthu sumudutsa osamupatsa moni, ndiye ine nditaona anthu ali pikitipikiti ngati matemba mu ukonde, ndinayamba mwambo wake: mwadzuka bwanji bambo, mwadzuka bwanji mayi, kunyumba ali bwanji, nanga ana? Anthu a m'tauni sanazolowere. Woyamba anaima n'kuyankha, wachiwiri anaima podabwa, madalaivala anazimitsa injini kuti amve ngati moni wawo wafika, a m'maofesi anatulutsa mitu m'mawindo, wapolisi wa pamsewu anatsitsa dzanja n'kuyamba kundifotokozera za mwendo wa amayi ake, mzinda wonse unaima chilili, mpaka chidole chovala suti cha pawindo la sitolo chinayankha kuti chadzuka bwino kaya ine. Zinali zokoma, sindikana, koma dzuwa linali likukwera, ndipo ndinkadziwa kuti kuno mzere wa sikelo ukufupika. M'tauni moni umapatsa yekhayo amene ukufuna kumufunsa kanthu. Enawo ungowapatsa mumtima, Mulungu amamva.

Powoloka msewu usadalire maso ako, galimoto za kumeneko zimachokera mbali zimene kulibe msewu. Ine ndinagwira nsonga ya chitenje cha gogo wina wogulitsa nthochi, iye osadziwa, ndipo tinadutsa pakati pa malole ngati tikudutsa pakati pa ng'ombe zathu. Ndiponso usaloweze masitolo, onse ndi ofanana, mawa amapentanso mtundu wina. Loweza mapiri. Monga kuno ukaona Chisi umadziwa kumene kuli kwanu, kumeneko sankha phiri limodzi, ulifunse dzina, uliike kumbuyo popita, kumaso pobwerera.

Ku Bangwe nyumba ndi zothinana moti utsi wa khomo lina umatulukira pa khomo lina. Ndinafunsa za a Felesiya, anandionetsa a Felesiya asanu ndi mmodzi, wina wamwamuna. Ndipamene ndinazindikira kuti m'tauni munthu sumufunsa ndi dzina, umamufunsa ndi kwawo ndi malonda ake. Koma nthawi yofunsanso inalibe, ndiye ndinatseka maso n'kutsegula mphuno. Panali fungo la makala, la chipisi, la ngalande, la sopo, la usipa wa kutali, koma pansi pa zonsezo panali kafungo kamodzi kowonda ngati ulusi, ka matemba a ku Chilwa okazinga ndi tomato, ndipo ndinakatsata kudutsa m'mipanda, m'mabafa a eni ake, pakati pa anthu osewera bawo, mpaka ndinatulukira pa benchi ya masamba.

Anali pomwepo. Mkazi ameneyo, Patuma! Wamtali, mikono ngati ya mpalasi wa bwato, dzanja lina akuwaza madzi pa mpiru, lina akutakasa matemba pa mbaula, phazi likuthamangitsa mbuzi, pakamwa akutsutsana mtengo ndi anthu atatu nthawi imodzi, onse n'kumagonja akuseka. Anachoka kuno wamasiye, dengu lokha pamutu, lero msika wonse umayamba wamva iwo. Ndinagwada, ndinamasula mwana n'kumukweza m'mwamba, koma mpweya wanga unali ukadali m'njira, sunandipeze, ndiye ndinangokwanitsa liwu limodzi: "Dzina!"

Anasiya mpiru. Anayang'ana mwana, anayang'ana ine, anayang'ana mapazi anga akufuka utsi, maso awo n'kukula, kenako anati, "Mwafika?"

Basi! Ndinalilandira ndi manja awiri, ndinaliika pansi pa lilime, mwana kumbuyo, mfundo pachifuwa, ndinatembenuka. Ndinamva akukuwa kumbuyo kwanga, koma munthu wonyamula dzina satembenuka, lingagwe. Pobwerera sindinapatse moni munthu aliyense, koyamba chibadwire, moti anthu a pa Thondwe mpaka lero amati ndine wonyada. Chithunzithunzi ndinachitola pa Njuli osachepetsa liwiro, chinangodzikolowekera ku chidendene, magalimoto amene ankapita ku Zomba ndinkawadutsa okwera n'kumayesa kuti akubwerera m'mbuyo, mbalame zinkandipatukira, mzimbe unatsala kachidutswa kotsekera m'dzanja, ndipo phula la mumsewu linafewa n'kusunga mapazi anga, amene anthu osadziwa amati ndi maenje a mvula.

Nditakwera pa Mpyupyu ndinaona zonse: mtengo wa sikelo, kabudula woyezera ana akulendewera pa nthambi, mzere utatha, apongozi anga ataima okha pamaso pa mlangizi wa zaumoyo, akumuuza kuti mwana akubwera koma dzina alemberetu. Mlangizi anakweza cholembera. Apongozi anakonza mpango, anatsokomola, anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona ndi maso angawa milomo yawo ikupanga "Mwa..."

Ndinakoka mpweya wonse wa m'dambo, bango n'kuweramira kwa ine, ndinalavula chotsalacho: "...fika!" Liwulo linadutsa pamwamba pa minda ya mpunga, linagwetsa zisoti za abambo awiri, linang'amba tsamba la nthochi pakati, linakalowa m'kamwa mwa apongozi "ndida" asanatuluke, linamukankhira kukhosi, n'kutuluka lokha. Mlangizi analemba. Pamene ankaika kadontho komaliza, ine ndinali nditaima pambali pake, ndikulowetsa miyendo ya mwana mu kabudula wa sikelo. Apongozi anameza malovu, anayang'ana mlangizi, anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti, "Ee, ndi lomwelo ndimati ndinene." Mpaka lero amauza anthu kutchalitchi kuti mdzukuluyo anatcha ndi iwo, ndipo akaphika, mutu wa nsomba ndi wake.

Ndikudziwa chimene mukusekera, a Esinati. Munamva a Felesiya atabwera nthawi yokolola akunena kuti iwo ankangondilonjera, kuti dzina anali atakonza lina, lachingerezi, ndipo anandithamangira nalo mpaka ku Limbe osandipeza. Ndimawalemekeza azakhali, palibe mkazi wowaposa, koma pamenepo akuiwala. Ndinapempha dzina, anayang'ana mwana, anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka ndi chimene ndinanyamula. Ngati simukukhulupirira, dikirani.

Mwafika! Iwe Mwafika! Tasiya kusewera m'matopemo, bwera kuno!

Mwamuona akuthamanga uyo? Tsono tandiuzani, a Esinati, bodza limabwera ukaliitana?