Khosi la Kilalineti ya a Malume

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka zambiri, ndipo ngakhale pano ndikulemba manyazi akundigwira. Koma munthu ukamakula umayamba kulapa, ndiye lero ndafika pa kilalineti ya a malume.

A malumewo ndi malume a mkazi wanga, a Mbewe a ku Kaliyeka. Paunyamata wawo ankaimba kilalineti m'bandi, chitoliro chakuda chija cha mabatani asiliva. Mano akutsogolo atawathera sankathanso kuchiluma bwino, ndiye anayamba kuphunzitsa ine, mkamwini wawo. Chaka chimene mlamu wanga Chisomo anapeza banja, anandipatsa chitolirocho m'bokosi lake, n'kunena kuti ndikadzaimba bwino mkwatibwi akamalowa m'holo, chidzakhala changa mpaka kalekale. Atatero anakwera basi ya ku Ntcheu kukakolola chimanga.

Abale anga, bokosi limenelo linaidziwa Nsungwi yonse. Kumsika ndinali nalo, kokameta ndinali nalo. Munthu akangondipatsa moni, ine ndinali nditatsegula kale.

Ukwati unali wa mu Okutobala, koma pulakatisi tinayamba mu Juni, m'mamawa tisanapite ku ntchito. Tinkakumana m'tchalitchi chathu chimene mawindo ake analibe magalasi, ine ndi a Lazaro oimba kiyibodi, bambo ofatsa amene sindinawamvepo akukweza mawu. Kunkazizira koopsa. Zala zinkachita kuuma pa mabatani.

Ndikangouzira, a Lazaro ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yamva kabawi.

"Achimwene, muli fulati."

Ndiye kuti mawu anga anali pansi pang'ono poyerekeza ndi kiyibodi. Ndinauziranso mwamphamvu mpaka misempha kutuluka m'khosi. Fulati yemweyo. Mawa lake chimodzimodzi.

Tsono kilalineti ili ndi kachidutswa kafupi, konenepa ngati kamgolo, pakati pa mbali yoluma ndi thupi lake. A malume ankakatcha khosi. Anandiphunzitsa kuti khosi ukalisolola pang'ono mawu amatsika, ukalikankhira m'kati amakwera. Langa linali litakankhidwa kale mpaka kumapeto. Sukulu ndinalekezera panjira, koma masamu awa ndinawakhoza ndekha ndili m'bafa: ngati kufupika kumakweza mawu, ndiye kuti khosili analipanga lalitali. Azungu analakwitsa muyezo.

Mkazi wanga anati ndiwaimbire foni a malume. Ndinakana. Ndinati munthu wandikhulupirira ndi chuma chake, ine ndiyambe kumulirira ngati mwana wosochera mumsika? Akanangoti bweretsani chitoliro changa.

Ndinatenga khosi lija kupita nalo kwa a Sikelo, kalipentala wa kuseri kwa msika, wopanga mabedi ndi timipando. Analitembenuza, n'kulinunkhiza, n'kunena mokondwa kuti limeneli ndi phingo lenileni, sanaligwirepo chichokereni kumudzi. Anafunsa kuti adule pati. Ine ndinaloza ndi chikhadabo, molimba mtima ngati dokotala. Anachotsa kamkombero kachitsulo ka kumapeto, n'kulipana pa thebulo, sowo n'kuyamba kulira. Ine ndili poteropo kuimba mluzu.

M'mawa mwake ndinalowa m'tchalitchi ngati wapambana chisankho. Ndinauzira. A Lazaro anapendeketsa mutu.

Mawu sanasinthe ngakhale pang'ono! Zinapezeka kuti thupi la chitoliro limalowa m'dzenje la m'kati mwa khosi n'kukagunda pansi pake. Ife tinangodula milomo ya dzenjelo, koma pogundapo panali pomwepo. Chimene tinapindula ndi mpata woonekera kunja, ngati buluku lofupika.

Munthu wanzeru akanaimira pamenepo. Ine ndinabwerera kwa a Sikelo kuti akumbe dzenjelo lipite m'kati. Iwo anati palibe vuto, anatulutsa chobowolera chimene amabowolera miyendo ya bedi. Dzenje linapitadi m'kati, koma linakulanso m'mbali, moti khosi linkangogwedera ngati dzino la mwana. A Sikelo anati zimenezo n'zazing'ono, anandipatsa ulusi wosokera nsapato kuti ndikulungize polumikizirapo.

Koma abale, chinaimba! Mawu anakwera n'kukakumana ndi kiyibodi bwinobwino. A Lazaro anandigwira chanza, nafunsa kuti ndachita chiyani. Ndinawayankha kuti palibe chinsinsi, ndi kulimbikira basi ndi pemphero. Mulungu andikhululukire.

Juni anapita, Julayi anapita. Kunayamba kutentha.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti chitoliro chimamva nyengo ngati munthu. Chikazizidwa mawu amatsika, chikatenthedwa amakwera. Chija sichinkadwala ayi, chinkangomva mphepo ya Juni. Pofika Okutobala, pulakatisi tikuchita masana ndi kwaya yonse, malata akuthetheka pamwamba, kilalineti yanga inali m'mwamba ngati mphaka wopondedwa mchira.

"Achimwene, tsopano muli shapu," anatero a Lazaro, motsitsa mawu kuti ena asamve.

Apa ndiye pali tchimo langa lalikulu. Ndinaimirira pamaso pa kwaya yonse n'kunena kuti vuto ndi kiyibodi, yapsa ndi kuzimazima kwa magetsi. Ndinati chida changa n'cha phingo, sichinama, pamene chawocho ndi pulasitiki. Amayi a kwaya anavomereza. A Lazaro, munthu wosalakwa, ananyamula kiyibodi pa kabaza dzuwa lili pamutu, mpaka kwa wokonza mawailesi ku Biwi, amene anaitsegula yonse osapeza kanthu. A Lazaro, ngati mukuwerenga izi, munali olondola kuyambira Juni.

Usiku woti mawa ukwati sindinadye bwino. M'mawa ndinasolola khosi lija kuti mawu atsike, kusolola, kusololanso, mpaka linangotsala logwira ndi kumapeto kwenikweni. Ndinawonjezera ulusi, pamwamba n'kumata tepi yakuda ya mawaya a magetsi. Ukaonera patali chinkaoneka chatsopano.

Holo inadzaza. Kutentha kwake, ma fani ankangotembenuza mpweya womwewo. A malume anali atabwera, atakhala kutsogolo penipeni mu suti yawo yabulawuni, manja pa ndodo. Operekeza analowa akuvina awiriawiri, kenaka a MC analengeza kuti mkwatibwi alowa ndi nyimbo yapadera, yoimbidwa ndi mlamu wake.

Ndinayamba. Zinatuluka bwino, ndikunena zoona! Chisomo anaonekera pakhomo, amayi anayamba nthungululu, ndipo ndinaona a malume akugwedeza phazi. Pamenepo mutu unandizungulira ndi chimwemwe. Ndinati chitolirochi ndi changa basi. Ndinatsinzina, n'kuyamba kudzithyola m'chiuno. Ndinachikweza m'mwamba ngati mmene amachitira a pa TV, n'kuchitsitsa mwamphamvu.

Chitoliro chinatsika. Khosi linatsala m'kamwa.

Tepi ija inali itasungunuka ndi kutentha. Ndipo poti ndinali nditatsinzina, mpweya uli wodzaza m'chifuwa, ndinapitiriza kuuzira. Phokoso limene linatuluka, ngati munamvapo mwana wa nkhumba akumukweza pa njinga, ndi limenelo, koma kudzera pa maikolofoni.

Operekeza anaima mwendo uli m'mwamba. Mwana wina analira kumbuyo. Nditatsegula maso ndinapeza manja anga akudinabe mabatani cha pamimba, kukamwa kuli kachitsa, pakati pake ulusi wa nsapato ukulendewera. Ndinayesa kulumikiza msangamsanga, ulusi n'kukola batani la jekete. Chisomo anaseka mpaka anakhala pansi ndi diresi laukwati, mkazi wanga anadziphimba ndi chitenje kumutu. A MC, pofuna kundithandiza, anati tiwaombere m'manja alamu athu chifukwa cha wenzulo. A Lazaro, amene ndinawanamizira aja, ndi amene anandipulumutsa: anakweza kiyibodi n'kumaliza nyimbo okha.

Anthu akudya, a malume anandikodola. Tinapita kuseri kwa holo, pamthunzi wa thanki ya madzi. Anatambasula dzanja, ine n'kuikamo khosi lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, kunja ndi m'kati, nachotsa kautuchi ndi chikhadabo.

"Mkamwini, ndani anachita izi?"

"Akatswiri ena ake, a malume."

"A mabedi?"

Ndinavomera. Kenaka ndinafotokoza zonse, za Juni, za fulati, za masamu anga a m'bafa. Sanakalipe. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, n'kunena kuti kilalineti imeneyi inabwera ndi makosi awiri, lalitali la nyengo yotentha ndi lalifupi la nyengo yozizira. Lalifupilo lili m'kabati kwawo ku Kaliyeka. Anandipatsa lalitali dala, poti ukwati unali wa mu Okutobala.

"Ndiye tsopano ndili ndi aafupi awiri," anatero.

Anatenga thupi la chitoliro, analipukuta ndi mpango, n'kuliika m'bokosi. Mbali yoluma ija anaitsukanso pa mpopi kawiri. Atatseka bokosi analipana m'khwapa. Kenaka anandigwira dzanja mwaulemu, n'kundiikira khosi lodulidwa lija m'chikhatho.

"Ndinalonjeza kuti mudzalandira kanthu. Ili ndi lanu, mwalivutikira."

Lilipo mpaka lero, pa shelefu. Magetsi akazima mkazi wanga amaimikamo kandulo, ndipo imakwana bwino kwambiri, chifukwa a Sikelo dzenje amalidziwa.

Chida cha eni chikamalira pansi mu Juni, chimafuna juzi, osati sowo.