Chilungamo cha a Celestino pa Kanto

Inu, poti shapa, minibasi ya ku Tete ija, sinadzaze, khalani pansi ndikuuzeni za a Celestino, oyimbira mpira a ku Lifidzi, munthu amene chilungamo chinamudyera dimba dzuwa likuswa mtengo.

A Celestino ndi mkamwini kwa mayi Adelaide. Pakhomopo pali mkamwini winanso, Silvestro wa ku Domwe, chimunthu cha manja ngati makasu, amene anakwatira mng'ono wake wa Leonor, mkazi wa a Celestino. Tsono apongoziwo anali ndi dimba limodzi kudambo, lobereka kachewere ngakhale m'chilimwe, ndipo anali atanena kuti mmodzi mwa akamwini awiriwa alitenga. A Celestino ankalifuna dimbalo moti ankadzera komweko ngakhale popita kutchalitchi, chonsecho tchalitchi chili mbali ina.

Vuto lawo linali limodzi. Chibwerereni ku maphunziro a oyimbira ku Ulongwe, kherere sinkachoka m'khosi, kumaliro komwe. "Woyimbira sasintha mawu," ankatero. "Chimene waimbira poyamba, uimbirenso pomaliza."

Linafika tsiku la Lifidzi ndi Domwe, mwezi wa Junyu, mphepo yake mukuidziwa. Makamizola analipo okwanira timu imodzi yokha. Mwa chizolowezi chathu, alendo ndiwo amayamba kuvala, eni mudzi n'kusewera chifuwa pamtunda, ndiye posinthana magolo amasinthananso malayawo, thukuta ndi zonse.

A Celestino anaitana osewera pakati kuti awachenjeze za kanto, imene ena amati kona. "Zogwirana pa kanto zandikwana. Lero wokoka kamizola ya mnzake pagolo pake, penaliti. Ndanena ndanena."

Kanto yoyamba ya Domwe, Timóteo wa Lifidzi, mwana wa mayi Adelaide, mlamu wawo weniweni wa a Celestino, anakoka kamizola ya Silvestro. Piii! Penaliti, chigoli. Kanto yachiwiri, chimodzimodzi. Koma ikakhala kanto ya Lifidzi, a Domwe ankakumbatira anzawo opanda malayawo ngati abale amene anasiyana nthawi ya nkhondo. A Celestino phee.

"Alamu, wandigwira pakhosi uyu!" anakuwa Timóteo.

"Pakhosipo pali kamizola?"

"Ayi, koma..."

"Sewerani."

Pa nthawi yopuma kunabwera Leonor, poti mkamwini sayankhulana maso ndi maso ndi apongozi.

"Amayi akuti ndikufunseni ngati mukukumbukira kumene mumagona."

"Kawauzeni asade nkhawa. Malaya akusinthana tsopano. Lamulo lomwe lawalumali liwanyambita."

Koma inu, tamverani, anthu a ku Domwe amagulitsa mbatata m'malire, si anthu oti ungawaphunzitse kuzemba lamulo. Silvestro anangonong'oneza anzake kuti kamizola ayi, aliyense apeze pena pogwira. Kanto iliyonse manja onse anali m'makabudula a Lifidzi. A Celestino ankaona zonsezo, mtima ukuwapweteka zedi, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo mawu a woyimbira sabwerera m'kamwa.

A Lifidzi anabweza chigoli chimodzi movutikira. Kenako inapezeka kanto yomaliza. Mpira unabwera bwinobwino, wolunjika pamphumi pa Timóteo. Timóteo anadumpha, Silvestro anagwira. Timóteo anakwera, kabudula anatsala.

Abale inu! Mpira unadutsa wokha, poti maganizo ndi manja onse a Timóteo zinali zitathamangira kwina. Azimayi anaphimba nkhope ndi zitenje, ena kusiyako kampata ka diso limodzi. Bwalo lonse linakuwa, "Penaliti!" Ngakhale goloboyi wa Domwe anali atakaima kale pamzere, akulavulira m'manja. Silvestro anangoti njo, kabudula ali m'manja, kudikira chilango chake.

A Celestino anayang'ana pansi pafupi ndi pamene panakhala apongozi. Dimba analiona m'maganizo mwawo, mizere yake yonse, ndi kachitsime komwe. Kherere inali kale pakamwa. Kungouzira kamodzi kokha, basi, nkhani yatha.

Koma a Celestino anayenda pang'onopang'ono, nalandira kabudula uja kwa Silvestro, namutembenuza uku ndi uku.

"Khosi lili kuti?"

"Palibe," anatero Silvestro.

"Manja?"

"Miyendo yokha, akulu."

"Ndiye si kamizola." Anam'bwezera Timóteo chovala chake mwaulemu, naimba kuti mpira watha.

Kunyumba anabwerera kudzera m'mapesi, pa liwiro loti ngakhale osewera sanalionetse tsiku limenelo. Leonor anawapeza akuzula chisoso m'masokosi.

"Amayi akuti dimba apatsa a Silvestro."

"Silvestro? Amene wavula mwana wawo pagulu?"

"Akuti adzionera okha. Munthu uja akagwira chinthu sasiya, khasu silingamupulumuke. Koma inu akuti akakuuzani kuti muziingitsa mbuzi, mukhoza kuionerera ng'ombe ikumaliza kachewere yense."

A Celestino anaiganizira nkhaniyo mbali zonse monga munthu wophunzira.

"Komatu akanena mbuzi," anatero, "ndi mbuzi basi."