Ndinalemba Samu Lupsa Lili Kumsana

Mukuseka eti? Sekani, inu ana a mawotchi pamkono, koma amene akuti ine Chikhosi ndine wabodza asendere kuno adzagwire yekha zala zanga zopsazi.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndili Sitandade Sikisi kufupi ndi Katete, pamene bambo anga anandiuza kuti ndikalephera mayeso olowera kukoleji ya uphunzitsi ndikwera lole yopita kumafamu a fodya ku Halale, kumene mkulu wanga Yohane anapita, koma kwathu kunangobwera bulangete lake lokha. Aphunzitsi athu aMbewe anati, "Mwanawe, nzeru uli nazo koma umachedwa. Funso lovuta uzilidumpha, uzilibwerera pomaliza. Kaphunzire kupikisana ndi nthawi." Nanga nthawiyo ndikanaionera pati, poti wotchi m'dera lonse inali imodzi, ya abusa, nayonso yakufa?

Ndiye ndinkapita kudambo la ku Mkaika udzu utauma gwa, n'kuyatsa moto kochokera mphepo, n'kukhala pansi pakati pa tsekera pepala lili pabondo, n'kumalemba samu lupsa likubangula kumsana kwanga, mbewa ndi agwape akundidumpha pamiyendo, tsitsi likununkha kupserera, ndipo inki ikauma ndi kutentha ndinkaboola thuza la pamkono n'kuviikamo cholembera, osadzuka mpaka nditalemba yankho lomaliza. Mukumva? Moto utayamba kundichepera ndinakaponda dala mchira wa songo, inandiluma pachidendene, ine n'kukhala pansi kuyamba kulemba: ululu ukamafika pabondo ndatha mafunso osavuta, ukamafika m'chiuno ndatha chimangirizo cha Chingerezi, ukamandigwira pakhosi, maso akuchita mdima, ndabwerera ovuta ndinawadumpha aja, kenaka ndiye n'kutafuna muzu wa mankhwala. Tsiku ndi tsiku, mpaka njokayo inatha ululu, inaonda, inafa ndi kutopa. Ndikunama ine? Mphambe!

Tsiku la mayeso mzungu woyang'anira anati tiyambe, n'kutembenuka kuti akhale pansi, koma asanagunde mpando ine ndinali nditayankha zonse, nditabwereza, nditaimirira, pepala likufuka utsi m'manja mwanga. Analiyang'ana, anandiyang'ana, n'kunena kuti mwana wa kumudzi sangalembe chonchi pokhapokha atabera. Analing'amba pamaso panga. Anzanga anangowerama n'kumapitiriza kukwawa pa funso loyamba, ndipo ndiwo anadzakhala aphunzitsi.

Lole inabwera sabata yomweyo. Amayi anaithamangira pambuyo akuitana dzina langa mpaka mawu anawathera mufumbi, ndipo sindinawaonenso. Ndinathyola fodya wa eni mpaka imvi.

Mukufuna mboni? Pitani mukawafunse aMbewe. Agona ku Sinda, kumanda a mpingo, ndipo chiwaikireni m'menemo sananditsutsepo liwu ndi limodzi lomwe.